Mdima wa pa Benchi ya Goliati

Loweruka masana, mphepo ya pa Tsangano ikulowera kunsi kwa chitseko ngati mwana wapakhomo, Goliati anali pa mpando wake wautali akuphunzitsa anthu za masikirini. Palibe amene anamupempha. Goliati ankaphunzitsa monga momwe tambala amalirira: kaya mwadzuka kale, kaya simunafunse nthawi, iye alira basi.

Kanyumba kake ka magemu kanali kuseri kwa msika, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wokazinga tchipisi. M'katimo munali makina a gemu ya mpira, mapadi awiri oseweretsera, batire la sola, ndi sikirini imodzi yomwe anabwera nayo kuchokera ku Joni ataikulunga m'bulangete, ulendo wonse ataifukata ngati khanda. Sikiriniyo anaikweza pa shelefu yam'mwamba kuopa fumbi ndi zala zamafuta a tchipisi. Moyang'anizana nayo panali mpando wautali womwe kalipentala anakhomera iye yekha. Pansi, chakumbali, panali kabenchi kafupi ka aliyense wofuna kulimbana naye. Zaka ziwiri zinali zitatha, ndipo palibe wa pa kabenchi anamugonjetsapo.

Masikirini, ankatero Goliati, ali ndi mafuko ngati anthu. Pali a VA, omwe mdima wawo ndi wakuda bii, wokongola, koma mpira ukathamanga umakoka mchira ngati nkhono yodutsa pakhoma. Pali a OLED, omwe anangowaonera m'sitolo ku Joni, mitundu yake yochititsa kaso moti ukaima nthawi yaitali mlonda amayamba kukuyandikira. Pali a IPS, owala ndithu, koma aulesi, oyenera kulemberapo makalata opempha ntchito. Akafika apa ankaloza ndi mlomo chakumtunda, kumene Emma anali ndi shopu yolembera makalata ndi kutsuka zithunzi pafupi ndi sukulu. Ndiyeno pali TN, yakeyo, yachangu ngati mphezi: ukangodina, mwendo wa wosewera wamenya kale.

Emma anali atamuuzapo tsiku lina kuti TN yakeyo ndi yamanyazi, imaonetsa nkhope kwa yekhayo wakhala nayo maso ndi maso. Goliati anayankha kuti munthu wolemba mapulogalamu a ukwati asaphunzitse wa ku Joni za mpira. Anthu anaseka, ndipo nkhani inathera pomwepo, chifukwa kwathu kuno woseketsa anthu ndiye amapambana mlandu.

Tsiku limeneli mmodzi sanalipo, ndipo ndiye mwini nkhani. Chrispine anali wakabaza wa njinga yamoto, wamfupi kuposa anzake onse a pa siteji, wokonda gemu ngati mwana wa sukulu. Iye ndiye ankakhala pa kabenchi kaja kuposa aliyense, kumapeto kwenikweni, ndipo nthawi zonse ankagonja. Tsiku lina atamwa zigoli zisanu anadandaula poyera. Anati akaimirira amaona bwino, koma akangokhala pansi bwalo lonse limada, mpira umasowa, malaya ofiira ndi abuluu amafanana.

Goliati anatembenukira kwa oonerera omwe anaimirira kumbuyo n'kuwafunsa ngati pali wina akuona mdima. Onse anati ayi, kukuwala ngwee.

“Ndiye kuti khungu lako limabwera ukakhala pansi,” anatero Goliati. “Tandiuza, aphwanga, njinga ija umayendetsa choimirira?”

Chiseko chake chinamveka mpaka kwa wometa tsitsi. Wometa tsitsi anauza amene ankamumeta, ameneyo anakauza mkazi wake, mkaziyo anakanenera ku mpopi. Pomwe nthabwalayo imafika kwa amayi ogulitsa kabichi inali itavula nsapato za nthabwala n'kuvala jekete la uthenga: Chrispine wayamba khungu, akakhala pa njinga saona. Chrispine anapita kuchipatala, anamuwerengetsa zilembo zapakhoma mpaka zing'onozing'ono zam'munsi, n'kumupatsa kapepala konena kuti maso ake ali bwino. Koma ndani angakwere njinga potsata kapepala, pamene msika wonse unamva ndi makutu ake? Anthu anayamba kumulambalala. Kenaka iyenso anasiya kubwera ku gemu.

Goliati nkhaniyi ankaidziwa, koma ankaiyika m'gulu la zinthu zimene zimangochitika, monga chisanu chopsereza mbatatesi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ali mkati mofotokoza za mchira wa nkhono uja, pakhomo panada. Analowa a Fyson, malume a mkazi wake Nomsa, mwini mbumba weniweni, atavala jekete lalikulu ndi chipewa chaubweya, chifukwa anthu a ku Kasinje akakwera kuno amanjenjemera ngati anapiye. Anali atabwera ndi kathumba ka mpunga wa kudambo, kudzasinthitsa ndi mbewu ya mbatatesi. Anati amva kuti mkamwini wawo amadyetsa mwana wawo ndi mpira wa m'galasi, choncho ati adzaone ndi maso awo.

Goliati anatsika pa mpando ngati wapsa. Ananyonyomala, n'kuomba m'manja katatu, n'kupukuta mpandowo ndi mkono wa malaya. Munthu ungakhale unapita ku Joni kangati, malume a mkazi wako sukhala pamwamba iwo ali pansi. A Fyson anakwera movutikira, miyendo lendelende, n'kupempha kuti awapatse kachinthu kodinako ayese nawo. Goliati anawaonetsa batani limodzi lomenyera mpira, iye n'kupita kukakhala pa kabenchi, kumapeto, pamalo pa Chrispine. Ndipo poti mkamwini satukula khosi pamaso pa apongozi, anazyolika pang'ono, mutu m'mapewa.

Atakweza maso, anapeza kuti kwada.

Udzu wobiriwira uja unasanduka munda wotentha ndi lupsa. Osewera onse anali zithunzithunzi zotuwa, ake ndi a malume osasiyana. Mpira unkaoneka pakati pa bwalo, ukapita kungodya n'kuzimiririka. Goliati anayang'ana batire, kagetsi kake kali gwa. Anatukula khosi pang'ono, kunja kunayamba kucha. Anabweza khosi, kunadanso.

A Fyson, ndi batani lawo limodzi lija, ankangodina ngati akupha nsikidzi. Mpira unagunda wotchinga kumbuyo, n'kubwerera, n'kulowa. Patapita kanthawi unalowanso. Goliati ankasuzumira uku ndi uku, thukuta likutsika m'khosi mwezi wa Juni.

Gemu itatha anthu anaomba m'manja, koma osati momunyoza. Onse anati waonetsa ulemu, wagonjera dala akuluakulu, ndipo mayi wa tchipisi anati ana a masiku ano aphunzirepo. Goliati anamwetulira ndi mano okha. Palibe chowawa ngati kuyamikiridwa pa chinthu chimene chikukudya m'mimba. Potsika pa mpando a Fyson anamugwira paphewa n'kumufunsa motsitsa mawu, mwachikondi ndithu:

“Apongozi, mumasuzumiratu ngati nkhuku ikumwa madzi. Masowa ali bwinobwino?”

Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Goliati anati ali bwino, malume, ndi fumbi chabe.

Madzulo a tsiku limenelo dzuwa lisanalowe anathamangitsa anthu ponamizira kuti batire latha, n'kutseka chitseko. Anakwera pa mpando: kunacha. Anakhala pa kabenchi: kunada. Anakweranso, anatsikanso, kasanu ndi kawiri, ngati munthu wotsegula m'mimba. Anayesa pakati pa benchi, pomwe amakhala ataliatali, mdima unali wocheperako koma unalipo. Anayesa kumapeto atadzifupikitsa msinkhu wa Chrispine, ndipo kumeneko ngakhale goloboyi sankaoneka. Zaka ziwiri za ukatswiri wake zinali zitapangidwa ndi kalipentala.

Tsono munthu wochenjera akapezeka wolakwa, nzeru zoyamba kubwera ndi zokwirira. Lolemba m'mawa Goliati anatola njerwa zinayi n'kuika kunsi kwa miyendo ya benchi. Anapendeketsanso sikirini kuti iweramire pansi pang'ono. Mdima unachepa. Wofunsa za njerwazo ankamuuza kuti ndi chiswe. Anadziuza kuti cholakwika chakonzedwa, ndipo mphika wosweka ukaumata sukhala ndi chifukwa chouitanira anthu.

Lachitatu, akupita kukagula chingwe cha magetsi, anadutsa pa siteji ya akabaza. Panali njinga zisanu ndi imodzi. Mayi wina wa dengu la kabichi anafika, n'kuyang'ana Chrispine yemwe anali woyamba pamzere, n'kumupatsa moni mwaulemu, n'kupitirira kukakwera ya wachiwiri. Chrispine sanatsutse. Anangopukuta kagalasi ka njinga yake komwe kanali koyera kale.

Goliati anafuna kudutsa ngati akuwerenga uthenga pafoni, koma Chrispine anamuitana. Anamuuza kuti Loweruka kukubwera munthu wa ku Sharpevale kudzagula njingayo, ndipo iye awolokera ku Mozambiki kukagwira ntchito m'minda ya mbatatesi, kumene khasu silifunsa za maso. Ankayankhula mopanda mkwiyo, ndipo n'chimene chinavuta.

“Poyamba ndinakukwiyirani, achimwene,” anatero. “Koma ndaganiza. Anthu onse aja ankaona, ine ndekha ayi. Achipatala angaphonye, koma anthu khumi? Munachita bwino kundiuza ndisanaphe mwana wa munthu pamsewu. Zikomo.”

Goliati anatsegula pakamwa, pakamwa pomwe pankagulitsa mawu ngati tomato wa m'nyengo. Anangoti chabwino, aphwanga, n'kumapita. Chingwe chija anaiwala kugula. Kunyumba Nomsa anamufunsa ngati wadwala, poti mpunga wa malume anangoutokosa ndi supuni. Iye anati ndi mutu. Sananame kwenikweni.

Masiku awiri anayenda ndi zikomo ameneyu ngati kamwala mu nsapato. Akanena zoona, dzina lake latha: katswiri wa masikirini amene sankadziwa sikirini yake, wosagonja wa pa mpando wautali. Anthu a pa Tsangano saiwala. Mpaka lero pali bambo wina amene amatchedwa ndi dzina la mbuzi imene inamugunda mu chaka cha njala. Akapanda kunena, palibe angadziwe. Njerwa sizilankhula. Koma akatseka maso ankaona Chrispine akupukuta kagalasi koyera kale.

Lachisanu anakwera mtunda wopita kwa Emma. Anamupeza akulemba kalata ya mayi wina, ndipo iye anaima pakhomo kudikira, chipewa m'manja, ngati wodzafunsira ntchito. Ali chiimire choncho chakumbali anaona kuti zilembo za pa sikirini ya Emma zikuwerengeka bwinobwino. Anachita ngati akumanga chingwe cha nsapato, n'kuyang'ana ali pansi. Mitundu inali yomweyo. Emma anamuona ndi ngodya ya diso, n'kupitiriza kulemba mpaka mayi uja atatuluka.

Goliati anayamba ndi za kuzizira, n'kupita ku za mitengo ya feteleza, n'kudzafika pomaliza ponena kuti akufuna kubwereka chipangizo china kwa tsiku limodzi.

“Chipangizo chiti, a Goliati? Muno muli zambiri.”

“Sikiriniyo.”

“Iti? Yaulesi ija? Ya makalata opempha ntchito?”

“Yomweyo, mayi.”

Emma anamuyang'ana m'maso. Anafunsa ngati nkhani yake ndi ya Chrispine, ndipo Goliati anavomera ndi mutu akuyang'ana pansi. Emma sanamuseke, ngakhale anali ndi ufulu wonse. Anazula zingwe, n'kuonjezerapo kabokosi kogawira chithunzi chimodzi ku masikirini awiri, n'kunena kuti ibwerere Loweruka dzuwa lisanapendeke, poti ali ndi mapulogalamu a ukwati oti alembe. Mawu akuti ukwati anawatchula pang'onopang'ono.

Loweruka, tsiku la msika, Goliati anachotsa njerwa zija, n'kuimika sikirini yake monga inalili kale, n'kuika ya Emma chakumanja pa shelefu yomweyo. Kenaka anapita yekha pa siteji kukaitana akabaza onse, ndi a Cyprian, tcheyamani wawo, ndi mkulu wa ku Sharpevale yemwe anali atayamba kale kugogoda matayala a njinga ya Chrispine ndi nsapato. Anaitananso wometa tsitsi ndi amayi awiri a kabichi, podziwa kuti uthenga umabwerera pa njira yomwe unadzera. Anati pali mpikisano wa masikirini. Anthu anadzaza mpaka pakhomo, Chrispine ali kumbuyo kwenikweni.

Masikirini onse awiri anaonetsa bwalo limodzimodzi. Oimirira anati akufanana, kungoti ya Emma udzu wake ndi wobiriwirako, malaya ofiira ndi ofiiradi. Goliati anavomera. Kenaka anapempha a Cyprian kuti akhale pa kabenchi, kumapeto, anene zimene akuona. A Cyprian anakhala, n'kuyang'ana kumanzere, n'kuyang'ana kumanja, n'kukhala chete. Anakhalapo wachiwiri, wachitatu, wometa tsitsi, mayi wa kabichi. Mayiyo ndi amene ananena, poti iye analibe gemu yoti aiteteze: anati ya kumanjaku ndi masana, ya kumanzereku ndi usiku wopanda mwezi.

Goliati anaima pakati, manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu wochedwa. Sanaseketse munthu. Anati sikirini yakeyo ndi yachangu ndithu, koma imada ukaiyang'anira m'munsi, ndipo munthu akafupika mdima umakula. Anati Emma anamuuza iye n'kumunyoza. Anati zaka ziwiri iye ankasewera masana, anzake akusewera usiku. Ndipo anati maso a Chrispine alibe vuto; mwa anthu onse a pa benchi ija, ndi yekhayo amene ananena zimene ankaona.

M'kanyumbamo munangomveka phokoso la oonerera a m'gemu, akukuwa okha m'bwalo lawo. A Cyprian anakanda m'mutu n'kutsokomola.

“Kunena zoona, mdimawu tonse tinkauona tikakhala apa,” anatero.

Mkulu wa ku Sharpevale, yemwe analibe mbale pamenepo, anafunsa chifukwa chake sankanena.

“Kuti nafenso atitche akhungu? Tili ndi ana ife.”

Palibe anaseka. Akabaza aja aliyense anapeza choyang'ana pa nsapato zake. Anyani amasekana zikundu, koma tsiku limeneli onse anakhala pansi nthawi imodzi.

Chrispine anadutsa pakati pa anthu pang'onopang'ono. Anakhala pa malo ake akale n'kuyang'ana masikirini onse awiri. Kenaka anadzuka, n'kugwira mpando wautali uja, n'kukwera. Unali ulendo wake woyamba. Anakhala pamenepo nthawi yaitali, miyendo yosafika pansi, kuwala kobiriwira kuli pankhope. Goliati anayandikira n'kunena kuti pepani, aphwanga, mawu ake ang'ono ngati a munthu wina.

“Pepani sapoletsa chilonda, achimwene,” anatero Chrispine osatembenuka. “Sikirini ya a Emmayi ibwerera bwanji kumtunda?”

Goliati anati aisenza pamutu. Chrispine anati ayi, katundu wa mwini sasenzedwa pamutu pali akabaza. Anatsika, n'kuuza mkulu wa ku Sharpevale kuti pepani ndi ulendo, njinga ili ndi kasitomala.

Kuchoka pa gemu kukafika kwa Emma ndi njira yolunjika, munthu woyenda pansi satha ngakhale chimanga chimodzi chootcha. Chrispine sanadzere imeneyo. Analowa pakati pa msika, pa mzere wa kabichi, n'kukhotera kwa ogulitsa mbatatesi, n'kudutsa pa mpopi, n'kubwereranso pa siteji, akuliza hutala paliponse pamene panali anthu oposa atatu. Kumbuyo kwake kunali Goliati, chimunthu chachitali pa kanjinga, mawondo ali m'mwamba, atakumbatira sikirini ya makalata m'bulangete lomwe lija la ku Joni. Amayi anaimirira kuti aone bwino. Wina anafuula kufunsa ngati wa ku Joni wasiya kuopa imfa.

“Gwiritsitsani, achimwene,” anatero Chrispine mphepo ikumudula mawu. “Woyendetsayu paja akakhala pansi saona.”

Goliati anagwiritsitsa sikirini ija. Anabisa chibwano m'bulangete, makutu akutentha ngakhale kunkazizira. Msewu wa kumtunda ndi wokumbika, mvula inausiya ndi maenje ngati chisa cha njuchi, ndipo iye anayamba kuwawerenga mumtima mmene ankabwera, limodzilimodzi. Chrispine anawazemba onse, ngakhale kakang'ono kamene Goliati anakaona atakadutsa kale.